Zolembedwa Kuseri kwa Pepala la Buluu

Chaka ndi chaka anthu okonza maulendo a katundu wa malonda, amene pa ntchito yawo amangotchedwa ma forwarder, amakumana pa msonkhano waukulu wa bungwe lawo la dziko lonse lotchedwa FIATA. Bungweli linabadwira ku Vienna m'chaka cha 1926 ndipo masiku ano likulu lake lili ku Geneva. Msonkhanowo umayendayenda: mu 2019 unachitikira ku Cape Town, mu 2022 ku Busan, mu 2023 ku Brussels, mu 2024 ku Panama. Akatswiri amalankhula, nkhani za malamulo ndi za makompyuta zimakambidwa, koma chimene ambiri amagulira tikiti ya ndege ndi mpata wokhala pansi ndi anzawo a m'mayiko ena, awiriawiri, maso ndi maso. Magulu ena a malonda, monga WCAworld, amakonza misonkhano yawo mongotsata zomwezi. Munthu amasungitsiratu nthawi, theka la ola ndi uyu, theka la ola ndi uyo, kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Wina akhoza kufunsa kuti masiku ano a WhatsApp ndi Zoom, kudzivutitsa konseku n'kwa chiyani. Yankho lake lili m'chikalata chimene bungwe la FIATA linakonza, chimene ma forwarder ambiri amasaina pafupifupi tsiku lililonse. Dzina lake ndi FIATA Multimodal Transport Bill of Lading, mwachidule FBL, ndipo chimasindikizidwa pa pepala la buluu. Kumaso kwake kuli mabokosi olembamo mayina, madoko ndi kulemera kwa katundu. Kuseri kuli ndime 19 za zilembo zazing'ono, zokonzedwa m'chaka cha 1992 motsatira malamulo amene mabungwe a UNCTAD ndi ICC anagwirizana. Ndime zimenezi ndi zimene ndikufuna tiwerenge modekha, chifukwa kontena yochoka ku Shanghai, n'kutsika pa doko la Beira, n'kukwera thiraki kudutsa Tete mpaka kulowa pa Mwanza, imayenda ulendo weniweni umene chikalatachi chinalembedwera.

Ndime yachiwiri ndiyo mtima wa chikalata chonse. Imanena kuti forwarder akangotulutsa FBL, walonjeza kuyendetsa katunduyo ulendo wonse, kapena kupeza m'dzina lake iye mwini anthu omuyendetsa, kuchokera pamene wamulandirira kukafika pamene adzamupereke. Kenako imawonjezera chiganizo cholemera kwambiri: zimene angachite kapena kulephera kuchita antchito ake, ma ajenti ake, ngakhale munthu wina aliyense amene iye wamugwiritsa ntchito pa ulendowo, adzaziyankha ngati wachita ndi iye. Taganizirani munthu amene akulonjeza zimenezi. Kawirikawiri alibe sitima. Alibe doko, ndipo mwina alibe ndi thiraki yomwe. Ali ndi ofesi, foni, inshulansi ndi mayina a anthu amene amawadziwa. Akasaina ku Shenzhen, wavomera kuyankha mlandu wa dalaivala wa pa msewu wa Changara amene sanamuonepo ndipo sadzamuona. Ndi unkhoswe umenewu. Nkhoswe imayimirira pa mlandu umene sinapalamule, ndipo n'chifukwa chake munthu wanzeru savomera unkhoswe wa banja limene sakulidziwa. Forwarder wa ku Shenzhen sangadziwe madalaivala onse, koma angathe kudziwa munthu mmodzi wa ku Beira kapena wa ku Blantyre amene amasankha madalaivalawo. Kukhala pansi awiriawiri pa msonkhano kuja ntchito yake ndi imeneyi. Munthu amafuna kuona amene akumusenzetsa dzina lake, kumva mmene amayankhira akafunsidwa za kontena imene inachedwa chaka chatha, ndi kudziwa ngati adzayankhe foni zinthu zikavuta usiku.

Ine ndimailemekeza ndime imeneyi, ndipo kwa ife okhala kutali ndi nyanja yamchere phindu lake n'lalikulu. Popanda iyo, katundu akafika ataphwanyika, a sitima amaloza a padoko, a padoko amaloza a thiraki, a thiraki amati kontena tinailandira ili yotseka. Chikalatachi chimati pali munthu mmodzi woti afunsidwe. Ndime yachisanu ndi chimodzi imalimbitsa zimenezi poika mtolo wa umboni pa forwarder: katundu akatayika kapena kuonongeka ali m'manja mwake, iyeyo ndiye aonetse kuti sanalakwe, ndiponso kuti anthu onse amene anawatuma sanalakwe. Mwini katundu sakakamizidwa kufufuza kuti ngoziyo inachitikira pati.

Koma lonjezo limeneli lili ndi malire, ndipo ndime zotsatira zimawaika mmodzimmodzi.

Malire oyamba ali kumaso komwe. Pamenepo palembedwa kuti katundu walandiridwa "in apparent good order and condition", kutanthauza kuti pomuona ndi maso akuoneka bwino. Forwarder sakunena kuti katunduyo ali bwino. Akunena zokhazo zimene maso ake aona, ndipo pa kontena yotseka ndi yomata, maso amaona chitsulo chakunja basi. Ndime yachitatu imati zolembedwa pa chikalatacho ndi umboni wakuti katunduyo analandiridwa monga momwe wafotokozedwera, pokhapokha ngati pawonjezeredwa mawu monga "shipper's weight, load and count". Mawu amenewa amapezeka pa zikalata za makontena zosawerengeka. Akakhalapo, forwarder akuti kulemera, kulongedza ndi kuwerenga anachita ndi wotumiza, iye sanaone. Woyitanitsa wa ku Limbe akatsegula kontena n'kupeza makatoni aperewera koma chomatira chili chosaduka, mlandu wake uli ndi wogulitsa, ndipo pepala la buluu silimuthandiza. Sindikuona chinyengo pamenepa. Palibe amene angatsegule ndi kuwerenga kontena iliyonse pa doko. Chofunika n'chakuti wogula adziwe kuti chikalatachi si umboni wa zimene zili mkati, ndipo ngati akukayika, atume munthu wokaona katundu akamalongedzedwa.

Ndime yachisanu ndi chitatu ndiyo ya ndalama, ndipo apa m'pofunika kuchedwapo. Chipukuta misozi chimawerengedwa mu SDR, muyeso wa ndalama wa bungwe la IMF, umene m'zaka zaposachedwa wakhala cha m'ma dola 1.3 a ku America. Forwarder salipira kupitirira SDR 666.67 pa phukusi lililonse, kapena SDR 2 pa kilogalamu iliyonse ya katundu wotayikayo, ndipo pa ziwirizi amatenga chimene chakula. Manambalawa sanayambire pa FBL. Anatengedwa ku malamulo a panyanja a Hague-Visby, monga anakonzedwanso mu 1979. Muyeso woterewu suona mtengo wa chinthu, umangoona kulemera. Kwa woyitanitsa feteleza kapena simenti malirewa sapweteka, chifukwa kilogalamu ya feteleza sifika mtengo wa madola awiri ndi theka. Kwa woyitanitsa mankhwala a kuchipatala, mafoni kapena zipangizo za makina, nkhani yake ndi ina. Foni yolemera magalamu 200, ikawerengedwa pa sikelo yokha, chipukuta misozi chake ndi cha m'ma theka la dola.

Apa ndi pamene nkhani ya phukusi imakula. Ndimeyi imanena kuti ngati katundu ali mu kontena, maphukusi amene atchulidwa pa chikalata kuti ali mkatimo ndi amene amawerengedwa. Ngati sanatchulidwe, kontena yonseyo ndi phukusi limodzi. Tiyerekeze kontena ya makatoni 400 olemera matani 10 onse pamodzi. Chikalata chikanena kuti muli makatoni 400, malire a chipukuta misozi amapitirira SDR 266,000. Chikangonena kuti kontena imodzi ya katundu wosiyanasiyana, njira yotsala ndi ya kulemera, ndipo malire amatsikira pa SDR 20,000. Katundu ndi yemweyo, sitima ndi yomweyo, ngozi ndi yomweyo. Chasintha ndi mzere umodzi umene kalaliki analemba kapena sanalembe tsiku lotumiza. Pa chikalata chonsechi sindikudziwa malo ena pamene mawu ochepa chonchi amanyamula ndalama zambiri chonchi.

M'ndime yomweyi muli nambala ina, SDR 8.33 pa kilogalamu, yochokera ku pangano la katundu wa pamsewu la CMR. Imagwira ntchito pokhapokha ngati ulendo wonse ulibe gawo la pamadzi. Katundu wochoka ku Johannesburg pa thiraki mpaka ku Lilongwe amapeza muyeso wokulirapowu. Koma kontena imene yadzera panyanja imayendabe ndi muyeso wa panyanja ngakhale itatsika kale pa doko, kupatula ngati zadziwika kuti ngozi inachitikira pa gawo linalake ndipo gawolo lili ndi lamulo lake lokakamiza. Olemba anali ndi chifukwa chawo: forwarder safuna kulipira zoposa zimene iye angathe kukalandira kwa mwini sitima. Koma kwa dziko ngati lathu, kumene gawo la pamtunda ndi lalitali, la mitunda mazanamazana, lodutsa zipata ndi malo ogona mathiraki usiku, muyeso wa panyanja umaphimba gawo limene si la panyanja. Chikalatachi chinalembedwa ndi anthu oganiza kuti ulendo waukulu ndi wa sitima ndipo thiraki ndi yongomalizitsa. Kwa ife thirakiyo si yongomalizitsa.

Pali ndime ina yaifupi imene munthu akaiwerenga koyamba amabwereza kuti atsimikize. Imanena kuti pa gawo la pamadzi forwarder alibe mlandu ngati katundu waonongeka chifukwa cha kulakwitsa kapena kunyalanyaza kwa kapitawo wa sitima ndi amalinyero ake poyendetsa kapena posamalira sitimayo, ndiponso ngati kwabuka moto umene mwini sitima sanauchititse. Ndime yachiwiri ija inati zolakwa za onse otumidwa ndi zake. Apa gulu limodzi la otumidwawo lachotsedwamo. Mfundoyi ndi yakale. Inalowa m'lamulo la ku America la Harter Act mu 1893, n'kulowanso m'malamulo a Hague a 1924, nthawi imene sitima ikachoka pa doko mwini wake sankatha kudziwa zimene zikuchitika mpaka itafika. Lero sitima iliyonse yaikulu imaoneka pa kompyuta pamene ili, koma mfundoyi idakalipo. Ndime ya 15 imapitiriza nkhani yomweyi ndi lamulo lakale kwambiri lotchedwa general average, lakuti ndalama zowonongedwa populumutsa sitima ndi katundu wake azigawana onse amene katundu wawo wapulumuka. Sitima ya Ever Given itatsekereza ngalande ya Suez mu March 2021, eni ake analengeza zimenezi, ndipo eni katundu anayenera kupereka chikole asanatenge makontena awo. Amene anali ndi inshulansi, kampani yawo inawayimira. Amene analibe anayenera kufunafuna ndalama.

Mayiko osauka anaona kukondera kumeneku kalekale ndipo anayesa kukukonza. Malamulo a Hamburg a 1978 anachotsa mfundo yokhululukira amalinyero ija, anakweza malire kufika SDR 835 pa phukusi kapena SDR 2.5 pa kilogalamu, ndi kupereka zaka ziwiri zokasuma. Malawi ndi Zambia analowa m'panganoli mu 1991 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1992, koma ambiri mwa mayiko okhala ndi sitima zambiri sanalowemo. Tanzania ilimo, choncho amene katundu wake amatsikira pa Dar es Salaam ali ndi chifukwa chofunsira loya, popeza ndime yachisanu ndi chiwiri ya FBL imavomera kuti lamulo lokakamiza la dziko kapena la mayiko limaposa zolembedwa kuseriku. Panalinso pangano lina la United Nations la 1980, lokhudza ndendende maulendo osakaniza sitima, njanji ndi msewu. Malawi ndi Zambia ali m'gulu la mayiko 11 amene analivomera. Limafuna mayiko 30 kuti liyambe kugwira ntchito, ndipo silinayambe. Malo amene panganolo likanakhala ndi amene pepala la buluuli linatenga. N'chikalata chokonzedwa ndi a malondawo okha, chabwino pa zambiri, koma cholembedwa ndi mbali imodzi ya anthu awiri amene chimawamanga.

Mbali inayo imatchedwa "Merchant", ndipo tanthauzo lake laikidwa pamwamba penipeni pa ndime zonse. Dzinali likuphimba wotumiza, wolandira, wosunga chikalatacho ndi mwini katundu, onse pamodzi. Mayi wa ku Lilongwe amene wayitanitsa matailosi ndipo sanaone chikalatacho chikusainidwa, akangochilandira ndi kuchigwiritsa ntchito potenga katundu, walowa m'dzina limenelo ndi maudindo ake. Maudindowo alipo ndithu. Ndime ya 11 imapatsa forwarder ufulu wosintha njira kapena mtundu wa choyendera osauza aliyense. Ndime ya 13 imati mitengo ikakwera chifukwa cha nkhondo, miliri, sitalaka kapena malamulo a boma, Merchant abweze gawo lake, ndiponso alipire chindapusa chotchedwa demurrage pa kontena imene yachedwa kubwezedwa ngati kuchedwako si kulakwa kwa forwarder. Mndandanda umenewu ukanatha kuoneka ngati wa zinthu zosachitikachitika, koma zaka zochepa zapitazi zatsata pafupifupi mzere uliwonse: Covid-19 mu 2020, sitima kuthawa Red Sea n'kumazungulira ku Cape kuyambira kumapeto kwa 2023, zionetsero za ku Mozambique pambuyo pa chisankho cha 2024 zimene zinasokoneza misewu yochokera kumadoko. Ndime ya 14 imamaliza nkhaniyi popatsa forwarder mphamvu yogwira katundu ngati chikole mpaka ngongole italipidwa.

Nkhani ya nthawi ndiyo imagwetsa anthu ambiri amene mlandu wawo unali wolungama. Kuonongeka kooneka kuyenera kulembedwa pomwepo polandira katundu. Kosaoneka kunja kuli ndi masiku 6 otsatizana, Loweruka ndi Lamlungu zikuwerengedwa. Masikuwo akadutsa, chikalata chimatenga kuti katundu anafika bwino, ndipo mtolo wa umboni wabwerera kwa wolandira. Katundu amene sanafike konse amatengedwa kuti watayika pakapita masiku 90 kuchokera tsiku limene amayenera kufika. Ndipo ndime ya 17 imapereka miyezi 9 yokha yokasuma kukhoti. Nambala imeneyi ili ndi nzeru yake. Malamulo a Hague amapereka chaka chimodzi chosumira mwini sitima, choncho forwarder amadzisungira miyezi itatu kuti akasumiridwa, nayenso athe kusumira amene anapalamuladi. Ndi nzeru yoteteza forwarder, ndipo woyitanitsa amene akulemberana makalata aulemu mwezi ndi mwezi, akumauzidwa kuti nkhani yanu tikuiona, ayenera kudziwa kuti makalatawo sayimitsa kalendala pokhapokha atagwirizana momveka kuti nthawi yawonjezeredwa. Za kuchedwa kwa katundu chikalatachi chimanena mwachidule: forwarder salipira pokhapokha wotumiza atanena pachiyambi kuti nthawi ndi yofunika, forwarder n'kuvomera, n'kulembedwa pa chikalata, ndipo ngakhale zitatero malipiro ake saposa kawiri mtengo wonyamulira.

Ndime yomaliza, ya 19, ndi ya mizere yochepa koma kwa ife ndiyo yovuta kuposa zonse. Wofuna kusumira forwarder akasumire kumene forwarder ali ndi ofesi yake yolembedwa pa chikalatacho, ndipo mlandu uweruzidwe ndi lamulo la dziko limenelo. Ngati chikalata chinatuluka ku Shenzhen, khoti lake lili ku China. Wamalonda wamng'ono wa ku Limbe amene kontena yake ndi chuma chake chonse sangapeze loya kumeneko, kumasulira mapepala ndi kutumiza ndalama zakunja mkati mwa miyezi 9. Pa pepala ufulu ali nawo. M'moyo weniweni, nkhani zambiri zotere zimathera pa foni pakati pa ajenti wa kuno ndi mnzake wa kunjayo, ndipo zimatheka kapena kukanika malinga ndi mmene awiriwo amadziwirana ndiponso ngati wakunjayo akufuna kudzagwiranso naye ntchito chaka chamawa. N'chifukwa chake ndimati ajenti wa kuno akasonkha ndalama n'kupita ku msonkhano wa ku Cape Town kapena ku Brussels, makasitomala ake amapindula nawo ngakhale sakudziwa. FIATA imafunanso kuti wotulutsa FBL akhale ndi inshulansi ya milandu yotere, ndipo zimenezi zimathandiza. Koma inshulansi imeneyo ndi ya forwarder, yofika pa malire omwe tawerenga aja. Si inshulansi ya katundu wanu. Imeneyo mumagula nokha.

Chikalatachi tsopano chilinso ndi mtundu wa pakompyuta, wosafuna pepala, koma mabokosi ake ofunika ndi omwewo. Awiri mwa iwo ali chakumunsi kwa tsamba loyamba ndipo nthawi zambiri amasiyidwa opanda kanthu: lina ndi lolembamo mtengo weniweni wa katundu kuti malire a chipukuta misozi akwere, polipira ndalama yowonjezera, lina ndi lolembamo kuti katunduyo akufunika pa nthawi yake. Lachitatu ndi lija la chiwerengero cha maphukusi. Onse atatu amadzazidwa motsatira zimene wotumiza wanena, kutsidya kwa nyanja, katundu asananyamuke. Wogula wa kuno amene akufuna kuti makatoni ake 400 alembedwe ngati makatoni 400 ayenera kulemba zimenezo m'pangano lake ndi wogulitsa, ndi kupempha kuti amutumizire chikalata choyeserera achione chisanasainidwe. Akagula pa mfundo zomulola kusankha yekha wonyamula, monga FOB kapena FCA, angathenso kufunsa ajenti wake wa kuno kuti mnzake wa kutsidyako ndi ndani, anayamba liti kugwira naye ntchito, ndipo chikalata chidzatuluka m'dzina la ofesi iti.